Kuimika Galimoto pa Chitunda kwa Chapananga

Ulendo wochoka ku Blantyre kupita kwa Chapananga uli ndi mitsetse ya mitundu iwiri. Woyamba ndi wa phula wa msewu wa M1, umene umakhotakhota kutsikira pa Thabwa kufika pa mlatho wa Kamuzu pa mtsinje wa Shire, ndipo pamenepo madalaivala amasamala chifukwa phompho amaliona ndi maso. Wachiwiri umayamba munthu akapitirira boma la Chikwawa chakumadzulo n'kupatukira m'tinjira tafumbi tolowera kumidzi ya m'mapiri, kumene galimoto imatuluka m'khwawa n'kukwera chitunda nthawi yomweyo. Namondwe wa Ana, amene anawononga mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza mu Januwale 2022, anakumbutsa aliyense kuti kudera lino madzi ndi mchenga ndi gawo la ulendo, ndipo ziwirizi ndizo zimafooketsa mabuleki.

Chimene chimanyansa wapaulendo woyang'anitsitsa ndi mwambo woimika galimoto podalira mwala wokha. Galimoto ya matola yodzaza matumba a chimanga ndi anthu pamwamba ikaima pakati pa chitunda, dalaivala amakuwa kuti "Ikani mwala!", ndipo mnyamata wothandizira amadumpha n'kugwada kumbuyo kwa teyala limene likubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, zala zake zili pansi pa mwalawo, mutu wake uli pafupi ndi chitsulo. Apaulendo amamuyamikira kuti ngochangamuka, pamene kwenikweni dzanja la mwana wa munthu likugwira ntchito imene dalaivala anayenera kuimaliza asanachotse phazi pa buleki.

Dongosolo lake ndi lodziwika. Galimoto iyenera kuima choloza kumtunda kapena kumunsi, osati chopingasa, chifukwa galimoto zoyenda m'misewu yoipa monga Land Cruiser n'zazitali msinkhu, ndipo katundu wa padenga amazipangitsa kugudubuzika mosavuta zikapendekeka chammbali. Phazi lidakali pa buleki, dalaivala amakoka handibuleki mpaka kumapeto, kenako amazimitsa injini n'kusiya galimoto mu giya yoyamba ngati yaloza kumtunda, kapena mu livesi ngati yaloza kumunsi, kuti injini yozimayo ikanize mateyala kuzungulira. Amapotozanso chiwongolero kuti galimoto ikaguluka ikatsamire khoma la dothi m'malo molunjika kuphompho. Mwala umabwera pamapeto, galimoto itaima nji, ndipo uyenera kukhala waukulu ndi wam'mbali zosongoka, wokankhidwa ndi phazi kunsi kwa teyala kuchokera m'mbali.

Pali mfundo imene ngakhale madalaivala a mabungwe amaiiwala. Pa galimoto zambiri handibuleki imagwira mateyala akumbuyo okha, choncho pa nsangalabwi kapena pa matope mateyala awiriwo amatha kutsetsereka ali chigwirire. Mankhwala ake ndi kulowetsa giya yokoka mateyala onse anayi, makamaka yotsika imene pa chogwirira imalembedwa L4, chifukwa imalumikiza kutsogolo ndi kumbuyo ndiponso imachulukitsa mphamvu imene injini ikukanizira nayo. Pa galimoto zokhala ndi zokhomera pa mateyala akutsogolo, zokhomerazo zikhale zokhoma. Land Rover Defender yakale ili ndi vuto lakelake, pakuti handibuleki yake imagwira chitsulo chopititsa mphamvu kumbuyo osati mateyala enieniwo, motero teyala limodzi likaterera galimoto ikhoza kuyenda. Pa galimoto ya otomatiki, handibuleki imayamba ndipo giya ya P imatsatira, kuopera kuti kulemera konse kungatsamire pa kachitsulo kakang'ono ka mu giyabokosi. Ndipo amene wangowoloka khwawa asakhulupirire handibuleki yonyowa kufikira ataiyesa pochotsa phazi pang'onopang'ono.

Otsika onse atsikire kumbali kapena kumtunda, ndipo amayi obereka ana asaime kumunsi kwa galimoto pofuna mthunzi, ngakhale dzuwa la Chikwawa litawomba motani. Dandaulo lina likupita kwa madalaivala amene amanyamuka n'kusiya miyala yawo pakati pa njira, pakuti amene amaigunda madzulo ndi anyamata a kabaza obwera ndi odwala kapena mbewu kumbuyo, ndipo njinga yamoto ikagunda mwala pa mtsetse okwerapo onse amagwa.