Mbalame ikakhala pauta silasika



Makolo ankati: "Mbalame ikakhala pauta silasika." Kunena kwake n'kwakuti chimene chathawira kwa iwe suchipweteka. Mwambi umenewu ndinauphunzitsa zaka zambiri, koma ine mwini ndinaulakwira.

M'zaka za m'ma 1980 ndinali ndi galu dzina lake Mudzatopa. Paja kale dzina la galu linkakhala uthenga wopita kwa anansi amiseche. Atandisamutsira kusukulu ina, lole inadzaza ndi katundu, ndipo ndinangoti galu adzionera yekha. Patapita miyezi itatu ndinabwererako. Ndinam'peza atagona pakhonde pomwe paja, nthiti zikuwerengeka, pamsana pali chilonda cha madzi otentha. Anakwawa nadzandinyambita phazi. Ndinam'tenga, koma sanathe sabata. Palibe mfumu kapena wapolisi amene anandizenga mlandu. Mtima wokha ndiwo ukundizengabe mpaka lero.

Masiku ano ndikaona mbuzi atazinjata pakaliyala wa njinga padzuwa, nkhuku zili chadodolido popita kumsika, kapena ng'ombe zapangolo zikukwapulidwa pachilonda, ndimakumbukira Mudzatopa.

Dziko lathu linaonetsa kale kuti likafuna limatha. Mu 2017 lamulo la nyama zakuthengo linakhwimitsidwa, mwakuti wopha njovu angathe kukhala kundende mpaka zaka 30. Koma lamulo loteteza ziweto ku nkhanza ndi lakalekale, ndipo anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti lilipo. Aphungu athu alikonzenso, kuti wotaya chiweto, wochimana madzi kapena wochizunza alandire chilango choluma.

Wina adzati: "Anthu akugona ndi njala, inu mukulirira galu?" Yankho langa ndi ili: galu wotayidwa salandira katemera, ndipo akagwidwa chiwewe amene amalumidwa kawirikawiri ndi mwana. N'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera mumzinda wa Blantyre mu 2015. Kusamala galu n'kuteteza mwana.

Komabe lamulo limafika mlandu utachitika kale. M'mera mpoyamba. Adzukulu anga, musanadye madzulo ano, kaoneni ngati m'mbale ya galu muli madzi. Tsiku losamuka, musadzachite zimene anachita agogo anu.

Tsalani bwino.