Mame Amene Anakana Kukamuka pa Phiri la Zomba

Makolo ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma pa phiri la Zomba pali mame ena amene dzuwa lalephera kuwaumitsa. M'chaka cha 1957 amayi ake a Mfumukazi Elizabeth anakwera phirili, naima poonekera chigwa chonse, nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali. Kufikira lero malowo amatchedwa Queen's View. Mu 1965 mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, inakweranso, ndipo pamene inaima panasanduka Emperor's View. A Rasta amapitabe kumeneko kukakumbukira ulendowo.

Adzukulu asadabwe kuti alendo olemekezeka chotere ankafika ku Zomba. Mzindawu ndiwo unali likulu la dziko kuyambira 1891, m'masiku a Harry Johnston, mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe.

Tsono chakumadzulo kwa phiri lomweli kuli dzenje la Chingwe, lobisika pakati pa mitengo, lakuda bii kuyang'anamo. Akuluakulu amasimba kuti mafumu akale ankaponyamo adani awo. Ena amati ankaponyamo akhate. Amenewo anali eni nthaka, omwa madzi a Mulunguzi chibadwire, osati odutsa a tsiku limodzi ayi. Komabe mayina awo analowa nawo m'dzenjemo.

Pamsewu wokwera kwa Ku Chawe munthu amakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni, aitali kuposa misinkhu yawo, kukagulitsa m'tauni. Iwo ndiwo amadziwa kanjira kalikonse ka m'phirimo, ndi poterera mvula ikagwa. Galimoto za alendo zimawalizira hutala kuti apatuke.