Kupuma si ulesi

Ndiye madzulo ano pabwalo lina ku Mandimba, anyamata a mpira awiriawiri, wina wagwada, mnzake wamugwira akakolo, wogwadayo akugwera kutsogolo pang'onopang'ono. Ndi ekisesaizi yotchedwa Nordic, ya mu pulogalamu ya FIFA 11+, yolimbitsa minofu yakumbuyo kwa ntchafu, imene imakonda kukokeka munthu akatulutsa liwiro. Koma akochi osawapatsa mpata, akangomaliza, "bwerezani pompo!" Ulendo wachitatu onse akungogwa ngati matumba a chimanga, minofu yaleka kale kugwira. Pamenepo phindu lili kuti? Akanapuma mphindi 2 kapena 3 zokha, mphamvu zikanabwerera. Mwina amathamangitsana ndi dzuwa, kaya.

Anzanga a ku Cuamba ndi Ngauma, kwanuko akochi amakulolani kupuma mphindi zingati?