Kamzere ka m'munsi mwa sikirini

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwangamu, lero tikambirane za kamzere kaja ka m'munsi mwa sikirini, kamene kamaonetsa nthawi, batire ndi netiweki.

Malaputopu ambiri amene timagwiritsa ntchito kuno ku Songani ndi akaunjika. Ena batire yake inatheratu, ena anabwera opanda batire n'komwe, ngati yangayi. Ine ndinaikamo Linux, ndipo kamzereko kamayendetsedwa ndi pulogalamu ya i3status. Iyo imakafunsa za batire mu /sys/class/power_supply, ikapeza mulibe kanthu imalemba kuti "No battery". Wi-Fi ikasowa imati "W: down", mofiira. Ngati simukufuna kuona mawuwa, mumangotsegula fayilo ya i3status n'kulemba format_down = "" pa gawo lomwe mukufuna kubisalo. Basi, kachigawoko kamazimiririka.

Za Wi-Fi ndi za waya wa intaneti ndinabisa tsiku lomwelo. Kunyumba kwanga kulibe zimenezo, ndipo chofiira chimene umachiona m'mawa ndi madzulo maso amachizolowera. Tsiku lodzabwera chenjezo lenileni, sulionanso.

Koma za batire ayi, ndinazisiya. Mnzanga wina wa ku Domasi anandiseka, amvekere: "Aphunzitsi, mukusungiranji chikwangwani cha chinthu choti kulibe?" Nkhani yake nayi. Laputopu yopanda batire, magetsi akangothima nayonso imathima pomwepo, osatsanzika. Mukukumbukira mmene ankathimira mu 2022, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale. Ndiye taganizani mukulowetsa malikisi a Fomu 4, mwafika pa dzina lomaliza, kenaka mdima bii! Mawu awiri aja ndi amene amandikumbutsa kusunga fayilo ndikangolowetsa mayina asanu.

Ine ndimaziona ngati kaundula wa m'kalasi. Mwana akasamukira kusukulu ina timamuchotsa, dzina lake lisamatisokoneze. Wojomba sitimuchotsa, timalemba kuti sanabwere, ndipo pa mayeso amene sanalembe sitimupatsa 0, poti 0 ndi malikisi a munthu amene anakhala pansi n'kulemba.

Kompyuta yapatebulo sinakhalepo ndi batire chibadwire, ndiye apo bisani ndithu. Ya ine ndidzabisa ndikadzapeza batire, ndipo ndauza kale mlamu wanga wa ku Limbe kuti azindiyang'anirako.