Chinsinsi cha matenda ako chikatuluka kunja: mmene amachitira kuno ku UK ndi mmene timachitira kwathu

Abale anga amene tili kuno ndi amene muli kumudzi, ndikufuna tikambirane nkhani imene ambirife timaiopa kuitchula. Tikapita kuchipatala timasiyako zinthu zimene sitinauzepo ngakhale mayi athu otibereka: zotsatira za magazi, mimba imene inapita padera, mankhwala amene timamwa tsiku ndi tsiku. Nanga zimenezi zikafika kwa anthu osayenera, timatani?

Pa 3 June 2024 akuba a pa intaneti a gulu la Qilin analowa m'makompyuta a Synnovis, kampani yoyeza magazi a odwala a m'zipatala za King's College ndi Guy's and St Thomas' ku London. Maopaleshoni oposa 1,700 anaimitsidwa, anthu oposa 10,000 anasinthidwa masiku okaonana ndi dokotala, ndipo patangopita masabata ochepa akubawo anaika mbiri za odwala pa intaneti. Koma si nthawi zonse pamene vuto limachokera kwa akuba. Mu 2015 kiliniki ya 56 Dean Street, ku London komweko, inatumiza kalata ya pa imelo kwa anthu pafupifupi 800 olandira chithandizo cha HIV, aliyense n'kumaona mayina ndi maimelo a anzake onse. Chaka chotsatira bungwe la ICO, limene limayang'anira zoteteza mbiri za anthu kuno, linalipiritsa eni chipatalacho mapaundi 180,000.

Chimene ndimasirira kuno n'chakuti njira yake ndi yodziwika. Malamulo a UK GDPR ndi Data Protection Act 2018 amalamula chipatala kuti chikadziwa kuti mbiri zatuluka ndipo anthu ali pachiopsezo, chiuze ICO pasanathe maola 72. Chiopsezocho chikakhala chachikulu, amayenera kukuuzanso iwe mwini wake. Uli ndi ufulu wolemba kalata yofunsa zonse zimene akusunga zokhudza iwe, ndipo amayenera kuyankha pasanathe mwezi umodzi.

Mukalandira kalata yokuuzani kuti mbiri zanu zatuluka, musayambe ndi kuganiza za chipukuta misozi. Yambani mwadziteteza. Munthu amene wagwira dzina lanu, tsiku lobadwa ndi nambala yanu ya NHS akhoza kukuimbirani ngati wachipatala, mawu ake aulemu, n'kukutchulirani ngakhale tsiku limene munakayezetsa magazi. Dulani foniyo, muimbe nokha pa nambala imene mukuidziwa kale. Akanena kuti ndi a kubanki, imbani 159 kuti mulankhule ndi banki yanu yeniyeni. Mauthenga okayikitsa atumizeni ku 7726. Sinthani mapasiwedi, kuyambira ya imelo. Onani ku Experian, Equifax kapena TransUnion ngati wina sanatenge ngongole m'dzina lanu. Ambiri a ife tili kuno pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, ndipo akuba amadziwa kuti akangotchula Home Office timanjenjemera. Musatumizire munthu ndalama chifukwa cha mantha.

Za chipukuta misozi, pali mfundo imene imasokoneza ambiri: ICO siipereka ndalama kwa wodandaula. Iyo imafufuza ndi kulanga. Ndalama mumazifunsa kwa amene anataya mbiri zanu, akakana mumapita kukhoti. Lamulo limavomereza kulipidwa pa ndalama zimene mwataya komanso pa kuvutika mumtima, koma muyenera kuonetsa umboni. Mu 2021, pa mlandu wa Lloyd ndi Google, khoti lalikulu kwambiri kuno linakana zoti anthu alipidwe chabe chifukwa mbiri zawo zagwiritsidwa ntchito molakwika, popanda aliyense kuonetsa mmene zinamupwetekera. Choncho sungani kalata ija, lembani masiku amene munaimbiridwa mafoni achinyengo, ndipo ngati tulo tasowa kaonaneni ndi dokotala kuti zilembedwe. Maloya amene amati mudzalipira mukapambana, afunseni kaye kuti adzadula zingati.

Kwathu ku Malawi nkhani imayenda mwina. Chinsinsi sichidikira akuba a pa kompyuta kuti chituluke. Chimatuluka pabenchi la chipatala, pamene dzina lako likuitanidwa mokweza pakhomo limene mudzi wonse ukudziwa kuti ndi la ma ARV. Chimatuluka m'kabuku ka kuchipatala kamene waiwala m'minibasi, kapena kamene apongozi atsegula uli kudambo. Masiku ano chimatulukanso pa WhatsApp, wina akajambula pepala la wodwala n'kutumizira mnzake, mnzakeyo n'kuponya pagulu. Mayi wogulitsa zitumbuwa amangoona makasitomala akudutsa osaima, ana ake akunyozedwa kusukulu, banja likugwedezeka. Palibe kalata yopepesa imene imabwera.

Chimene chimatimanga manja n'chakuti woulula uja nthawi zambiri timamudziwa. Timapemphera naye mpingo umodzi, ndipo mwezi wamawa tidzaimanso pamaso pake kuti atipatse mankhwala. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndiye timangoti zachitika basi, tisiyire Mulungu.

Komatu malamulo alipo. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limateteza ufulu wa munthu wosungiridwa chinsinsi. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa wachipatala kuulula za magazi a munthu popanda chilolezo chake, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula. Mu 2024 dziko linakhazikitsa Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Za dokotala mutha kukadandaula ku Medical Council of Malawi, za namwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Pa chipatala cha boma palinso ofesi ya Ombudsman, ndipo wopanda ndalama za loya angapite ku Legal Aid Bureau.

Mukakumana nazo kumudziko, lembani tsiku, malo ndi amene anamva. Uthenga wa pa WhatsApp ujambuleni usanafufutidwe. Dandaulo lipite polemba kwa mkulu wa chipatala, ndipo musunge kope lanu. Wina akaimba kuti ndi wachipatala kapena wa bungwe lothandiza odwala n'kufunsa PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, ameneyo ndi wakuba.

Ifenso a kunja kuno tili ndi mbali yathu. Timapempha achibale kuti atitumizire chithunzi cha pepala la dokotala kuti titumize ndalama za mankhwala, kenako chithunzicho timachiponya pagulu la banja lonse kapena la mpingo popempha thandizo. Kodi mwini matendawo tinamufunsa? Tiyeni tizifunsa kaye, ndipo ntchito yake ikatha chithunzicho tizichifufuta. Ndipo m'bale wathu akatiuza kuti wachipatala wamuulula, tisamuuze kuti apirire. Timuthandize kulemba kalata yodandaula ndi kumulipirira basi yokaipereka, chifukwa munthu amene waululidwa kamodzi amatha kusiya kukatenga mankhwala, ndipo pamenepo moyo wake umakhala pangozi.