Khirisimasi ya ku Cuamba inandiphunzitsa kuyenda kwa eni

Akonzi,

Ife a ku Mangochi dziko la Mozambique sitiliwerengera ngati kunja. Ukawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera mapiri mpaka ku Namwera, watsala pang'ono kufika pachipata cha Chiponde, ndipo kuseri kwake ndi ku Mandimba. Kumeneko kuli abale athu, timagulako katundu, ena anakwatirako. Kuzolowera kumeneku ndi kumene kunandipusitsa mu Disembala 2024.

Sukulu titangotsekera, mayi anga anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Cuamba kukaona mchimwene wawo amene ankadwala. Nkhani za ku Mozambique ndinkazimva pawailesi. Chisankho chinachitika pa 9 Okotobala, ndipo Venâncio Mondlane, amene anakana zotsatira zake, ankamema anthu kuti achite sitalaka dziko lonse. Koma ndinkati zimenezo ndi za ku Maputo, kutali ndi Niassa. Kwathu kuno nako kunali mavuto akeake: petulo ankasowa, pamalo omwetsera mafuta pa Boma galimoto zinkagona pamzere, ndipo asodzi ena a maboti a injini ankalephera kulowa panyanja.

Tinanyamuka Loweruka pa 21 Disembala, titakonza zobwerera Lachiwiri. M'thumba ndinali ndi mapasipoti athu, ndalama yolinganira ulendo wopita ndi wobwerera, ndi mankhwala a mayi a kuthamanga kwa magazi okwanira masiku anayi. Pa Chiponde tinakwera njinga zamoto za kabaza mpaka ku Mandimba, n'kupeza minibasi, imene kumeneko amati chapa. Mtunda wa ku Cuamba ndi makilomita pafupifupi 150. Tinafika madzulo, n'kupeza amalume akupezako bwino.

Lolemba pa 23 Disembala, bwalo lalikulu loona za malamulo a dzikolo linatsimikiza kuti Daniel Chapo wa chipani cha Frelimo ndiye anapambana. Kutacha, tauni inali itasintha. Masitolo anali otseka, kusiteji kunalibe chapa ngakhale imodzi, ndipo madalaivala ankati sangaike galimoto zawo pamsewu chifukwa sakudziwa chimene akakumane nacho kutsogolo. Petulo wa m'mabotolo, amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu, anakwera mtengo tsiku lomwelo. Mawu oti "greve", kutanthauza sitalaka, ndinawadziwa tsiku limenelo.

Ine mtima unali m'mwamba. Mankhwala a mayi anali atatsala a tsiku limodzi. Foni yanga inasiya kugwira titangochoka ku Mandimba, choncho ndalama zimene ndinasunga m'foni zinalibe ntchito. Makwacha ochepa amene ndinali nawo palibe amene ankawafuna. Osintha ndalama tinawasiya kumalire. Choipa kwambiri n'chakuti mkazi wanga ndinamusiya wopanda nambala ya amalume, ndipo nambala yake ine sindinailoweze pamtima. Mwamwayi foni inali idakali ndi moto, ndinaikopera papepala n'kuimba pa foni ya amalume.

Ndinapeza mnyamata wa njinga yamoto amene anavomera kutitenga mpaka ku Mandimba pa mtengo wodula. Nditawauza amalume, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, khalani pansi. Mukufuna kukweza mlongo wanga panjinga ulendo wonsewo? Petulo akakutherani pathengo mukagona kwa yani? Akakuimitsani anyamata pamsewu mukayankha m'chilankhulo chanji?"

Ndinasowa choyankha. Chipwitikizi sindichidziwa, Chimakua cha kumeneko ndimangotolako mawu awiri atatu.

Tsiku lomwelo ndinalakwitsanso. Titakhala pakhonde ndi anthu oyandikana nawo nyumba, ndinayamba kufotokoza maganizo anga pa za chisankho chawo, monga timachitira tikakhala pa bawo kwathu. Onse anangoti zii. Usiku amalume anandiuza kuti pakhonde paja panali otsatira mbali zonse ziwiri, ndipo mlendo akasankha mbali, mlandu umatsalira mwini nyumba. Kuyambira pamenepo ndinkangopereka moni n'kumamvetsera.

Amene anatipulumutsa ndi anthu omwewo. Mayi wina woyandikana nafe ankadziwana ndi mwini sitolo ya mankhwala. Anatenga kabokosi kopanda kanthu ka mankhwala a mayi, n'kukagogoda kunyumba kwake, ndipo anabwera ndi okwanira sabata ziwiri. Ine ndikadapita ndekha ndikadangoona chitseko chotseka. Khirisimasi tinadyera pomwepo, nsima ya nyemba, chitseko chili chotseka ndipo wailesi ili pakati. Loweruka pa 28 Disembala, dalaivala wina wodziwana ndi amalume anatuma mwana kudzatiuza kuti msewu wayera, ndipo anyamuka m'bandakucha. Ndalama yowonjezera anandibwereka amalume omwe ndinapita kukawazonda. Masana tinali titadinditsa pa Chiponde.

Ku Cuamba kuja ndinaima pafupi ndi njanji yochokera ku doko la Nacala, imene imalowa m'dziko muno pa Nayuchi. Mafuta athu amadzera ku Nacala, ku Beira ndi ku Dar es Salaam, choncho kwa anansi kukavuta, mzere wa pa Boma umatalika. Anyamata athu ambiri opita ku Joni nawonso amadutsa m'dziko lomwelo, cha ku Tete.

Kwa anzanga a kuno kunyanja amene mumawoloka malire, kaya kukaona abale, kukagulitsa usipa kapena kukasaka ganyu, ndikuti musanyamuke ndi ndalama yongokwanira ulendo. Sinthanitu ina kumalire, ikhale m'manja, muigawe m'matumba awiri. Mankhwala a odwala tengani opitirira masiku amene mwakonza. Manambala a foni alembeni papepala, ndipo kunyumba siyani nambala ya kumene mukupita. Dutsani pachipata ndi zikalata zodinda, chifukwa m'masiku a chipwirikiti wodzera njira zachidule alibe pothawira. Sitalaka ikakupezani, khalani pamene muli, musapite kukaonerera gulu la anthu kapena kujambula ndi foni, ndipo za ndale zawo asiyireni eni ake. Tsiku lonyamuka akuuzeni ndi amene akukusungani, pakuti safunsa anadya phula.

Amalume anachira, ndipo ngongole yawo ndinabweza mu Febuluwale. Mayi akuti chaka chino tipitenso. Ndavomera, koma mankhwala awo ndidzanyamula a mwezi wathunthu.

Mphunzitsi wa kumudzi,
Mangochi