Za Kusema Diso ndi Kuwala

Ife amene tabvala mandala kuyambira ubwana wathu tidziwa kulemera kwace kwa katundu wamng'ono ameneyu. Mvula ikagwa acita nkhungu, dzuwa likatentha atsetsereka pamphuno, ndipo akagwa pansi usiku tiwafufuza ndi manja monga akhungu. Cifukwa cace sitizizwa kuti mbiri ya madotolo okonza maso ndi kuwala kwamphamvu kumene akucha laser ilowa msanga m'mitima ya anthu. Amati munthu agona pakama mphindi zowerengeka, ndipo m'mawa mwace apenya masamba a mtengo wa kutali popanda mandala. Si bodza ai. Ambiri anaona cotero. Koma alipo mau amene otsatsa malonda sakonda kuwachula, ndiwo awa: nchito imeneyi ndiyo kusema, ndipo cosemedwa sicibwerera pamalo pace.

Kutsogolo kwa diso kuli kakhungu koonekera ngati madzi a pakasupe, kamene madotolo akacha cornea. Ife pano tikacha zenera la diso. Kucindikala kwace kungopitirira pang'ono theka la milimita. Ngakhale licepa cotero, zenerali ligwira magawo awiri mwa atatu a nchito yopinda kuwala kolowa m'diso. Gawo lotsalalo ligwiridwa ndi mandala acibadwidwe ali m'katimo, kuseri kwa mwana wa diso. Munthu wosapenya patali, kawirikawiri diso lace linatalika kuposa muyeso, motero cithunzi cigwa cisanafike pa kansaru ka kumbuyo kolandira kuwala. Dotolo sakhoza kufupikitsa diso. Cimene acita ndico kupala pakati pa zenera kuti liphwatalale pang'ono, ndipo pamenepo cithunzi cigwa poyenera.

Nzeru imeneyi sinafike tsiku limodzi. M'zaka za m'ma 1960 José Barraquer wa ku Bogotá anali kuceka kagawo ka zeneralo, nakaumitsa ndi cisanu, nakapera pamakina monga apera mandala, nakasokera m'diso. M'caka ca 1981 Rangaswamy Srinivasan ndi anzace a ku IBM anapeza kuti laser yochedwa excimer icotsa nyama mosaocha ya pambali pace; ndipo anayamba kuiyesa pa zotsala za nkhukundembo ya paphwando. Stephen Trokel anaiyesa pa maso a ng'ombe mu 1983, ndipo mu 1988 Marguerite McDonald ku New Orleans anaigwiritsa nchito pa diso lopenya la munthu. Njira yaceyo ichedwa PRK: acotsa kakhungu ka pamwamba, napala, ndipo kakhunguko kamera kena patapita masiku 3 kufikira 5, masiku a ululu ndithu. Pafupi ndi 1990 Ioannis Pallikaris wa ku Crete anakonza njira ya LASIK, imene yabuka koposa zonse. Pamenepo aceka kacitseko kopyapyala pa zenera, nakatsegula, napala pansi pace, nakatsekanso. Ululu ucepa ndipo munthu apenya msanga; komatu kacitsekoko sikagwirana kolimba monga kale, ndico cifukwa cace omenya nkhonya ndi ena okhoza kupwetekedwa pankhope awalangiza kawirikawiri njira yakale ija. Iripo yacitatu, SMILE, imene asolola kagawo ka m'kati pa kabala kakang'ono. Ku America anailola mu 2016.

Tsono njira zonse zitatuzi zifanana pa cinthu cimodzi, kuti zenera litsala lopyapyala kuposa kale. Mmisiri wosema mtondo ayamba wayang'ana thunthu, naligogoda, pakuti adziwa kuti akakumba kwambiri mtengo wocepa, mtondowo udzang'ambika ndi musi. Momwemonso diso. M'kati mwace muli madzi okankha zenera usana ndi usiku, ndipo likapalidwa zenera limene linali lofooka kale, likhoza kutukumuka pang'onopang'ono patapita miyezi kapena zaka, kufikira mandala wamba salithandizanso. Cobvuta ici sicigwera ambiri, koma amene cimgwera amva nsoni moyo wace wonse. Makamaka iripo nthenda yochedwa keratoconus, imene isongola zenera, ndipo poyamba pace mwini wace saidziwa konse. Aipeza ndi makina ojambula maonekedwe ndi kucindikala kwa zeneralo.

Pa cifukwa ici ife tiyesa tsiku la kupima lalikuru koposa tsiku la kusema. Fulumira anadya gaga. Wobvala timandala tofewa tomata padiso ayenera kutisiya masabata 2 asanapimidwe, ndi wa tolimba nthawi yoposapo, popeza timasintha maonekedwe a zenera ndi kunamiza makina. Wosakwana zaka 18 ayembekeze. Momwemonso iye amene mphamvu ya mandala ace yasintha m'caka cathaci, mkazi wapakati kapena woyamwitsa, ndi wodwala nthenda ya shuga yosagonja ndi mankhwala. Ndipo tinene poyera, kuti dotolo amene nthawi zina abweza munthu, nati, Maso anu sayenera, khalani ndi mandala anu, ameneyo timkhulupirira koposa uja alandira onse obwera ndi ndalama. Sikuli kucepsa ulemu wa dotolo kumfunsa kuti, Zenera langa licindikala motani, mudzacotsapo zingati, nanga zidzatsala zingati?

Za zobvuta zing'onozing'ono tiri nazo ziwerengero. Bungwe la boma la America loyang'anira mankhwala, la FDA, linafunsa anthu ocitidwa LASIK m'kafukufuku wochedwa PROWL, amene anasindikizidwa mu 2017. Oposa 95 mwa 100 anakondwera ndi mapenyedwe ao. Koma mwa iwo amene analibe cobvuta kale, ofika 46 mwa 100 anati patapita miyezi 3 alikuona zacilendo, monga nkhata yowala yozinga nyali usiku. Ndipo ofika 28 mwa 100 anamva maso kuuma, pakuti mpeni udula timitsempha touza diso kuti litulutse misozi. Osafika 1 mwa 100 ndiwo anasautsidwa kwambiri pa nchito zao. Ciwerengero cotere cikondweretsa mphunzitsi wogwira nchito usana. Koma woyendetsa galimoto la katundu usiku wonse, amene cakudya ca ana ace cicokera m'maso mwace, acilingirire kawiri.

Cina cimene ambiri sacimvetsa ndi ici, kuti laser ikonza zenera lokha, nyumba yonse ikhala momwe inaliri. Pofika zaka 40 kapena 45 mandala a m'kati aja auma, naleka kupindika, ndipo munthu ayamba kutalikitsa buku powerenga. Ukalamba umenewu ufikira wosemedwa ndi wosasemedwa yemwe. Inde, wosapenya patali wa zaka 45, amene amangobvula mandala pofuna kulowetsa ulusi m'singano, akakonzedwa maso onse awiri ataya mwai umenewo, nagula mandala ena owerengera. Ng'ala, imene icititsa khungu akuru ambiri m'midzi mwathu, iri m'mandala a m'katiwo, ndipo iciritsidwa ndi nchito yina, yowacotsa ndi kuikapo ena. Diso lalitali likhalabe lalitali, ndi kansaru kace ka kumbuyo kakhozabe kung'ambika; cotero wopenya mphezi m'diso, kapena mthunzi wotsika ngati cinsaru, athamangire ku cipatala tsiku lomwelo.

Kwa abale amene afuna kukacitidwa nchitoyi kutali, ku Johannesburg kapena ku India, tiwonjeza pang'ono. Musagule tikiti ya kubwerera m'mawa mwace, pakuti dotolo ayenera kuona disolo tsiku lotsatira ndi masiku ena pambuyo pace. Ndipo mudziwiretu amene adzakuonani mutafika kwanu. Musatikite diso, musasambire m'nyanja kufikira atakulolani. Pocoka pemphani makalata onse olembedwa miyeso ya maso anu asanasemedwe, nimuwasunge pamodzi ndi makalata a munda kapena a nyumba. Zenera lopalidwa linamiza cipangizo coyesa kukankha kwa madzi a m'diso, cionetsa ciwerengero cocepa, ndipo nthenda ya glaucoma ikhoza kubisala pamenepo. Ndiponso pakudza ng'ala zaka 30 m'tsogolomo, dotolo wina, amene kapena lero akali mwana wa sukulu, adzafuna makalatawo posankha mandala oika m'diso mwanu.